Sikipa ya Kampani Imene Sinandilembe Ntchito

Mundikhululukire, ine pampando sindikhala. Mwandiikira mpando wabwino, zikomo, koma ndikakhala pansi mawu amanditsamwa. Ndiziyendayenda chonchi, inu muzingonditsata ndi maso.

Dzina langa ndine Benadeta, kwathu amangoti Bena. Kwathu ndi ku Chipangali, kumudzi kwenikweni, kumene kanta, kalole konyamula anthu kaja, ikakutsitsa umayendanso wapansi ola lathunthu. Atsogoleri anu atandipempha kuti ndidzalankhule muholo muno Misa ikatha, ndinakana kawiri. Ndavomera chifukwa cha maenvulopu a khaki amene ndimakuonani nawo m'tauni muno. Ena mwabwera nawo ngakhale lero Lamulungu. Musaikankhire pansi pa benchi achimwene, ndaiona kale. Inenso yanga ndinayenda nayo zaka zinayi, mpaka inafewa ngati kansalu kopukutira mbale.

Ndinaphunzira zaulimi, satifiketi ndili nayo. Atate anga anali akatekisti kwathu zaka zambiri, ndipo anamwalira ndili m'chaka chomaliza kukoleji. Amayi anatsala okha ndi munda. Ine ndinkakhala kwa akulu anga a Rozi ku komboni ya Mchini m'tauni muno, kulera ana awo, kuchapa, ndi kulemba makalata ofunsira ntchito amene sankayankhidwa. Ena a inu mukudziwa mmene zimawawira kudya pakhomo pa alamu uli munthu wamkulu. Palibe amene akukunena, koma ukafuna kutapa ndiwo kachiwiri dzanja limalemera.

Ndiye chaka china, mwezi wa Seputembala, uthenga unazungulira pamafoni. Kampani yatsopano yogula soya ikufuna alangizi a kumunda khumi. Dzina lake sinditchula, ndipo musadzandikokere pambali panja kuti ndikunong'onezeni. Tinakhamukira ku ofesi yawo ngati ngumbi. Intavyu yoyamba inali yolemba, ndinakhoza. Yachiwiri inali yoima pamaso pa anthu atatu, ndinakhozanso. Pakamwa pokha Mulungu anandipatsa, mwamva kale nokha. Titatsala anthu ngati makumi atatu, anatiitana m'chipinda chimodzi kuti tikamve za mayeso omaliza.

Bwana woona zolemba anthu ntchito anali wamfupi, wonunkhira perefyumu, womwetulira ngati akukudziwa kuyambira uli mwana. Anatiuza kuti mlangizi weniweni saoneka papepala, amaoneka kumunda. Aliyense apite kwawo akalembe alimi ovomera kusiya lima imodzi ya munda, ndiye kuti kota ya hekitala, kapena malima awiri kuti adzalemo soya wa kampani. Mbewu ndi mankhwala kampani idzabweretsa mvula isanagwe, ndipo zokolola idzagula yokha. Anthu khumi amene abweretse mayina ambiri, ntchito ndi yawo. Anatigawira mafomu, sikipa yobiriwira yokhala ndi dzina la kampani pachifuwa, ndi chipewa. Kalata ayi. Ndalama yokwerera ayi.

Mtsikana wina wowonda, amene anakhala kumapeto, anakweza dzanja n'kufunsa ngati angatipatse kapepala konena kuti tikupita kumidziko ngati ndani. Bwana uja anaseka, nati munthu wofuna mapepala asanatuluke thukuta ndiye kuti sanakonzeke kugwira ntchito. Mtsikanayo anapinda sikipa yake bwinobwino, anaisiya patebulo, n'kutuluka. Tinamuseka. Ine amene ndikulankhula pano ndinamuseka kwambiri, mumtima ndikuti wachepetsa mpikisano.

Ndinafika kwathu nditavala sikipa ija. Amayi atandiona ndikutulukira pa mango a kuseri kwa nyumba, anataya lichero n'kuyamba nthungululu. Ndinali nditakonza zowauza kuti awa ndi mayeso chabe, ntchito sinatsimikizike. Koma nthungululu zinali zitaitana kale anthu, azimayi akundigwiragwira sikipa, wina akuti misozi ya amake yauma lero. Ndinati ndiwauza mawa. Mawalo silinafike.

Anzanga ena ankayenda khomo ndi khomo. Ine ndinadziona wochenjera. Kwathu mphakati, kagulu kathu ka akhristu kopempherera pamodzi, umakumana Lachinayi lililonse masana, kusinthana makomo, ndipo pamabwera pafupifupi banja lililonse la m'mudzi. Ndinati ndivutikiranji ndi dzuwa pamene anthu asonkhana okha? Lachinayi limenelo unali kwa a Tembo, mkulu wa mphakati, mnzawo wa malemu atate, munthu wa ndevu zoyera wosalankhulalankhula. Titamva Mawu n'kupemphera, nthawi ya zolengeza itakwana, ndinaimirira ndi mafomu anga. Ndinalankhula, abale. Soya ndinamukometsa mpaka anthu anayamba kumuona ali m'matumba.

Nditamaliza, a Tembo anakhosomola pang'ono.

"Mwana wanga, tiuze bwinobwino. Iweyo akulemba ntchito kumeneko? Mbewuyo ikachedwa, tikagwire iwe?"

Amayi anali pamphasa akundiyang'ana, nkhope ikuwala. Ndinawayankha a Tembo.

"Inde atate, ndine wawo. Mbewu ibwera mvula isanagwe. Ikachedwa mudzagwire ine."

A Tembo anatembenukira kwa anthu nati mwana wa akatekisti sanganame pa mphakati. Anapisa m'thumba la jekete, anatulutsa reji yawo, chitupa cha unzika chija, n'kukhala oyamba kulembetsa. Bodza langa ndi limenelo. Silinali lalitali, koma ndinalinena pamalo opempherera, ndipo ndinalikhomera ndi dzina la atate anga amene ali m'manda.

Ndinalemba makomo makumi anayi ndi limodzi. Anthu anaunga mizere n'kuisiya yopanda kanthu, kudikira soya. Pakati pawo panali amake Lute, mayi wamasiye wa ana anayi, amene munda wawo wonse ndi malima awiri basi. Lima imodzi anasiyira chimanga, inayo imene ankadzalamo mtedza chaka ndi chaka anapereka kwa soya wanga. Mtedza wa mbewu anagulitsa n'kugulira ana mayunifomu. Anandiuza okha akusekerera, kuti chaka chino Bena wationetsa njira.

Nditabweza mafomu ku ofesi, bwana uja anandigwira chanza ndi manja awiri. Anati ndili pamwamba penipeni, kalata ituluka sabata yamawa. Kuyambira pamenepo ife odikira tinamupatsa dzina lakuti a Sabata Yamawa.

Mvula inagwa mu Novembala. Foni yanga inayamba kulira mmawa, masana, madzulo. Ine tsiku lililonse ku ofesi, kukhala pabenchi la pageti. Ankatiuza kuti lole ya mbewu yanyamuka ku Lusaka. Kenako ili pa Luangwa. Kenako ili pa Nyimba. Lole imeneyo inakhala pa Nyimba milungu itatu, kaya inkadya nthochi kaya. Ndipo chilichonse chimene andinamiza mmawa, ine ndinkachitumiza kumudzi masana ngati changa. Ndinkati dikirani pang'ono, soya sachedwa, musadzalemo china mungasokoneze.

Pakati pa Disembala mlonda wa pageti, bambo wachikulire, anandimvera chisoni. Anandiitanira kuseri kwa kanyumba kake n'kundiuza kuti ndisamathe nsapato pachabe. Alangizi khumi aja analembedwa kale uthenga usanatuluke n'komwe, abale a mabwana, ndipo ena ndinkawaona akulowa ndi kutuluka osadziwa. Mayina a alimi ankawafuna kuti akaonetse kwa anthu akunja amene amathandiza kampaniyo, kuti aone kuti ili ndi alimi ambiri. Mbewu yochepa imene inabwera inapita kwa alimi a m'mbali mwa msewu wa tala, kumene galimoto ya alendo ingafike osadetsa matayala. Ife tinali miyendo yaulere yokatolera mayina.

Ndinalowa mu ofesi osagogoda. Ndinalalata, ndinatchula makomo onse, ndinatchula ana a amake Lute. Bwana uja anandisiya mpaka mpweya unandithera. Tsiku limenelo sanamwetulire.

"Mayi, muli ndi kalata yosonyeza kuti ndinu wantchito wathu?"

Ndinaloza sikipa. Anati imeneyo inali mphatso, ndikhoza kuisunga.

Tsopano mvetserani apa, chifukwa ndikanafuna ndikanathera pomwepa, inu n'kundimvera chisoni, tonse n'kutukwana kampani n'kumapita kwathu. Kampani inandilakwira, inde, ndipo mpaka lero ndikadutsa pamsewu umenewo ndimayang'ana kumbali. Koma zotsatirazi ndi zanga. Tsiku limenelo kanta ya ku Chipangali inali isananyamuke. Ndikanakwera, ndikanafika madzulo n'kuuza anthu kuti mbewu kulibe, dzalani chimene muli nacho. Pakati pa Disembala mpendadzuwa umatheka, nyemba zimatheka, ngakhale mtedza wofulumira ukanayesedwa. Ndinkadziwa, si ndinaphunzira zaulimi? Koma ndinaona nkhope ya amayi pamphasa paja, ndinamva mawu a a Tembo, manyazi anandimanga miyendo. Ndinatulutsa simu mufoni n'kuiponya mungalande.

Kuchokera apo zinathamanga. M'nyumba simunkakhalika. Ndinkadzuka n'kuyamba kuyenda, Mchini mpaka Kapata, Kapata mpaka kumashopu, kubwereranso, popanda kumene ndikupita, kungozemba pamene pamaima makanta a kwathu. Mayi aliyense wa chitenje amene wandifulatira ankaoneka ngati amake Lute. Pachifuwa pankagunda ngati ndathamanga. Tsiku lina miyendo inandifikitsa kunyumba ina kumapeto kwa komboni, kwa mayi wogulitsa kachasu. Ine mwana wa akatekisti, amene ngakhale thobwa logona ndinkalikana. Ndinati kamodzi kokha, kuti pachifuwa pakhale bata. Panakhaladi bata, ndipo vuto lake linali limenelo.

Khirisimasi sindinapite kwathu. Pofika Januwale ndinkakhala nditaledzera dzuwa lisanatenthe. Foni inapita, nsapato za intavyu zinapita. Tsiku lina ndinasanza pakhonde ana a akulu anga akuona, kamng'ono n'kuyamba kulira. Alamu, munthu amene anandisunga zaka zinayi osadandaula, anati zakwana. Sindikuwanena, inenso ndikanatero. Ndinasamukira kukhitchini kwa mayi wa kachasu uja, kumutungira madzi ndi kutsuka mabotolo, malipiro ake kapu. Chovala chimene chinanditsalira chabwinoko chinali sikipa yomwe ija, ndiye anzanga akumowa anandipatsa dzina lakuti Alangizi. Ankati Alangizi, tatiphunzitsani kadzalidwe ka soya tikugulireni. Ine n'kuimirira, dzandidzandi, kufotokoza kutalikirana kwa mizere ndi kuya kwa phando, iwo akugwa n'kuseka. Maphunziro amene atate anga anagulitsira ng'ombe ndinkawasinthanitsa ndi kapu ya kachasu.

Kumapeto kwa Febuluwale, sabata ya mwambo wa Ncwala, tauni inadzaza alendo ndipo omwa ambiri anapita ku Mtenguleni kumene mwambowo umachitikira. Pamalo paja panali zii. Chakumasana ndinali kuseri kwa nyumba ndi beseni la mabotolo, mutu ukuwawa, manja akunjenjemera chifukwa ndinali ndisanalawe. Ndinamva tcheni cha njinga chikulira, kenako chete. Nditakweza maso ndinaona a Tembo. Thalauza atamanga ndi mphira kumapazi, matope mpaka m'mawondo.

Ndinafuna kuthawa, koma kumbuyo kunali khoma. Iwo anatsamiritsa njinga, anayang'ana pokhala, anapeza ndowa n'kuivundikira, n'kukhalapo. Anavula chipewa. Kenako anandipatsa moni wonse monga kwathu, kundifunsa mmene ndadzukira, mmene alili akulu anga, ana, alamu. Moni umenewo unandipweteka kuposa mbama. Ndinkafuna andilalatire, anditukwane, kuti nanenso ndipeze poyankhira. Anangopempha madzi akumwa. Ndinasowa kapu yosanunkha kachasu, mpaka ndinawapatsa m'chivundikiro cha poto.

Anandiuza kuti ananyamuka tambala woyamba. Anayamba kufika ku kampani kukafunsa mlangizi wawo Benadeta, ndipo mlonda anawafotokozera zonse n'kuwalozera kwa akulu anga. Akulu angawo anawaperekeza mpaka pangodya, koma anabwerera akulira, analephera kufika.

"Atate, mwabwera kudzandimangitsa?"

"Ayi. Ndabwera kudzakuuza za amako."

Botolo linandipulumuka m'manja. Ndinati basi, ndawapha.

"Ali moyo. Lero ali m'munda mwa a Daka."

Sindinamvetse. Amayi akatani m'munda mwa a Daka? Ndiye a Tembo anayamba kufotokoza pang'onopang'ono, akuyang'ana chipewa chawo. Chilowereni chaka, amayi ankadzuka mmawa ndi khasu n'kupita pakhomo limodzi mwa makomo amene ndinalemba. Osapempha, osalonjera nthawi yaitali, ankangolowa m'chimanga cha eni ake n'kuyamba kupalira. Masiku awiri pakhomo lililonse, kenako lotsatira. Anthu ankawaletsa, ena mpaka kuwalanda khasu, koma iwo ankangoti mwana wanga ndiye analemba, n'kupitiriza ndi manja. Chakudya cha pamenepo sankalandira. Chimanga chawo chomwe chinali chitamira mu udzu. Ku mphakati anasiya kupita, ndipo Lamulungu ankaima panja kuseri kwa zenera la tchalitchi n'kuchoka anthu asanatuluke.

Amayi anga ndi a zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, ndipo msana unayamba kuwavuta atate akadali moyo.

Kenako a Tembo anati:

"Za mbewu tinadandaula, tinatukwana, zinatha. Makampani anatinamizapo kale, awa si oyamba. Koma iwe unati tikagwire iwe. Takufuna, sitinakupeze. Amako ndiye adzipereka kuti tigwire iwo."

Ndinalira, abale. Osati kulira kwa mowa kumene ndinazolowera, koma kulira kochokera m'mimba, mamina ndi misozi pamodzi. Ndinawauza kuti sanandilembepo ntchito, kuti ndinanama tsiku lomwe lija pakhomo pawo. Anati akudziwa, koma si iwo oyenera kumva zimenezo kuseri kwa nyumba ya kachasu. Unanena pa mphakati, anatero, ukakonze pa mphakati. Anavala chipewa, anandiuza kuti Lachinayi likudzalo mphakati uli kwa a Mwale, n'kukankha njinga yawo kumapita. Sanandikoke, sanandilonjeze kuti anthu andikhululukira.

Mayi wa kachasu anatuluka ndi kapu, nati imwa mtima ukhale pansi. Ndinaiyang'ana kapuyo nthawi yaitali, ndisakunamizeni, thupi lonse linkaifuna. Chimene chinandithandiza si mphamvu zanga. Ndinangowerenga kuti ndikamwa lero, mawa amayi alowa m'munda wina. Ndinatuluka osatsanzika.

Ndinapita kwa akulu anga n'kugwada pamaso pa alamu. Sindinapemphe malo okhala, ndinapempha masiku atatu ndi loko. Ndinawauza kuti anditsekere m'chipinda, ngakhale ndilire bwanji asatsekule. Masiku atatu amenewo ndinanjenjemera, ndinasanza, ndinatukwana akulu anga mawu amene mpaka lero ndimachita nawo manyazi. Iwo ankangondipatsira phala ndi madzi pazenera. Tsiku lachinayi anandiveka diresi lawo, anandiperekeza pasiteji, ndipo sanachoke mpaka kanta itanyamuka, kuopa kuti nditsika.

Sindinafikire kunyumba. Ndinafunsa ana panjira, anandilozera kumunda kwa a Sakala. Ndinawaona patali, atawerama pakati pa chimanga, ataonda mpaka chitenje chikuzungulira kawiri. Nditayandikira anaweramuka movutika, dzanja lili pamsana. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Nthungululu panalibe. Anangotambasula dzanja n'kundipatsa khasu.

"Makomo makumi awiri ndatha. Iwe uyambire pano."

Anapita kukakhala pansi pa mtengo, ine ndinayamba kupalira.

Lachinayi ndinapita ndekha kwa a Mwale, amayi anakana. Nthawi ya zolengeza ndinaimirira. Ndinanena zonse mwachidule, kuti sindinali wantchito, ndinali pamayeso, ndinati inde kuti ndipeze mayina ambiri, ndipo pamene ndinadziwa zoona mu Disembala ndinabisala m'malo mobwera kudzawachenjeza. Za Disembalazo ndi zimene zinawapsetsa mtima. Bambo wina anaimirira nati mpendadzuwa anali nawo m'nyumba, ana anaukazinga n'kudya chifukwa ine ndinati asadzalemo china. Mayi wina anandilavulira pafupi ndi phazi. A Tembo sanaletse munthu, anawasiya anene.  Amake Lute ananyamula mwana wawo n'kuchoka pemphero lomaliza lisanachitike.

Mizere ija inali ikadali pomwepo, yodzaza udzu. Kumayambiriro kwa Malichi chimene chikanathekabe ndi mbatata ndi khobwe. Ndinayenda m'madimba a midzi yoyandikana kupempha mbewu ya mbatata, ena n'kuwagwirira ganyu kuti andipatse, kusenza mitolo pamutu. Mmawa kupalira makomo amene amayi anasiya, masana kukonza mizere ya soya ija n'kubzalamo mbatata. Manja anga a m'tauni anatuluka matuza, matuza anaphulika, anauma. Ena anandilandira, ena anangondisiya ndigwire osandilankhula. Mvula inatichitira chifundo, mbatata inaikako ndithu m'minda yambiri. Koma musaganize kuti zinakonza zonse. Mbatata si mtedza. Amake Lute anandithamangitsa kawiri pamunda pawo, lima yawo inagona chaka chonse, ndipo Lute, mwana wawo woyamba, anasiya sukulu chaka chimenecho kuti azithandiza maganyu. Zimenezo ndimagona nazo, ndimadzuka nazo.

Mowa ndinagwanso kamodzi, mu Epulo, paukwati wa m'mudzi woyandikana. Mmawa wake ndinawauza amayi ndekha anthu asanawauze. Kuyambira pamenepo paphwando kapena tsiku la msika sindiyenda ndekha, ndimakhala ndi munthu wondidziwa. Pano zaka ziwiri zakwana osalawa. Ntchito ya muofesi sindinaipezebe, musayembekeze kuti nditulutsa kalata m'thumba muombe m'manja. Ndimalima tomato ndi anyezi kudimba pamodzi ndi azimayi asanu, ndipo makalata ndimalembabe. Ndikaona uthenga wa ntchito pafoni mtima umadumphabe ngati kale.

Mwezi wathawu ndinaitanidwa ku intavyu ina. Atandiuza kuti ndikayambe ndayesera kumidzi milungu iwiri, ndinafunsa kuti ndikupita ngati ndani, andilembere, asaine, adinde. Ndinafunsa kuti zimene ndikalonjeze anthu zikalephera, adzayankhe ndani. Anayang'anana, anati andiimbira. Sanaimbe, ndipo ndinagona tulo tabwino. Safunsa anadya phula, abale anga. Funsani, ngakhale akusekeni. Mtsikana wowonda uja amene anasiya sikipa patebulo ndimamuyang'anayang'ana m'tauni muno, ndikadzamuona ndidzamupepesa.

Ndikudziwa njala ya ntchito, imachotsa nzeru. Koma akakuuzani kuti musanalembedwe mukabweretse mayina a anthu akwanu, mareji awo, minda yawo, dziwani kuti chimene akufuna si inu. Akufuna chikhulupiriro chimene makolo anu anachimanga zaka zambiri, ndipo inu mukachipereka tsiku limodzi. Zikavuta, bwana ali ndi geti ndi mlonda. Amayi anu alibe geti. Ndipo ngati alipo wina muno amene zamuonekera kale, amene wazimitsa foni ndipo akuzemba siteji ya kwawo, ndikupempha, kwera lero. Manyazi ali ngati udzu wa m'chimanga, ukauzengereza sabata imodzi umafuna makasu awiri.

Ndimalize ndi amayi. Miyezi yonseyo ku mphakati sanapondeko, ngakhale a Tembo anabwera kudzawapempha katatu. Mu Julayi, Lachinayi lina, mphakati unagwera pakhomo pa amake Lute. Ine ndinali nditaganiza zokhala, kuti ndisakawawitse mtima mwini khomo. Ndikuona amayi asamba, avala chitenje chawo cha kutchalitchi, aima pakhomo. Anati tiye.

Titafika anthu anali atakhala kale. Nkhani zonse zinaduka. Amake Lute anatiyang'ana, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi mphasa yatsopano. Anaiyala pamthunzi, kutsogolo, anawagwira amayi dzanja n'kuwakhazika pamenepo ndi ulemu wonse. Kenako anatembenukira kwa ine, pamaso pa anthu onse.

"Amako sanandilakwire. Iwe sindinathe kukukhululukira, ndipo sindinama pamalo opempherera. Ukhoza kukhala, koma mphasa yanga ayi."

Ndinati zikomo, chifukwa ananena zoona. Ndinapita kumbuyo kwa onse, pafupi ndi khola la mbuzi, n'kukhala padothi, padzuwa. A Tembo anatsekula buku kuti ayambe. Asanawerenge, ndinaona amayi akudzuka pamphasa paja, pang'onopang'ono chifukwa cha msana. Anawathokoza amake Lute ndi manja awiri. Kenako anadutsa pakati pa anthu onse, anafika kumbuyo kuja, anakonza chitenje chawo n'kukhala padothi pambali panga.

Anandigunda ndi chigongono n'kundinong'oneza kuti ndiweramuke, Mawu akuyamba.